Mulekeni munthu amate

Munthu wa ku Tsangano kapena ku Macanga masiku ano amayenda ndi manambala ambiri, ndipo ena ndi aatali. NUIT ili ndi manambala 9. Chiphaso cha BI chili ndi manambala 12 ndi chilembo chimodzi kumapeto. NIB ya ku banki ili ndi 21. Wogula magetsi a Credelec amalandira manambala 20, ndipo wotumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola amalandira uthenga wotsimikizira umene uli ndi nambala yakeyake. Palibe amene angaloweze zonsezi pamtima. Zimakhala mu SMS, mu WhatsApp, kapena m'kauthenga kamene munthu adadzitumizira yekha kuti asaiwale. Tsiku limene zafunika, amadinikiza chala pa uthengawo, kusankha Copiar, kupita pamene akuzifuna, n'kusankha Colar. Amene foni yake ili m'Chingerezi amaona Copy ndi Paste, koma ntchito ndi yomweyo: kukopa ndi kumata.

N'zoona kuti ndalama zambiri za pa foni zimayendabe poyimba *150# kapena *898#, ndipo kumeneko kulibe tsamba la intaneti. Koma masamba afika kale pakati pathu. Mwana wa ku Furancungo wofuna kulemba mayeso olowera ku Universidade Eduardo Mondlane amayamba ndi kulembetsa pa intaneti. A zaumoyo m'maboma amalowetsa ziwerengero za mwezi mu SISMA, imene idamangidwa pa DHIS2 ndipo imatsegulidwa mu browser. Mabungwe ambiri amatolera mayina a anthu ndi mafomu a KoboToolbox. Alipo anyamata ndi atsikana athu amene aphunzira zamakompyuta ku Tete, ku Beira kapena ku Blantyre, amene mawa lino adzapemphedwa kupangira kalabu ya alimi a fodya ku Chidzolomondo, kapena ogulitsa kachewere ku Ntengo-wa-Mbalame, tsamba lolembetserapo mamembala. Nkhaniyi ndalembera iwowa, komanso aliyense amene fomu idamukanapo iye osadziwa chimene walakwa.

Mfundo yanga ndi iyi. Tsamba lilandire chimene munthu wamata, lichiyeretse lokha, kenako limuonetse chimene lamva kuti avomereze. Wogula kachewere pa Tsangano Turn Off sabweza mlimi chifukwa mbatata yabwera ndi dothi. Amasasa dothilo, kuyeza, n'kumuonetsa mlimiyo sikelo. Zovuta zambiri za kumata zimayamba pamene wolemba pulogalamu akana kugwira ntchito yosasa dothiyi n'kuisenzetsa munthu wa foni yaing'ono amene ali pa dzuwa, mayunitsi akutha.

Kukopa ndi kumata kudayamba intaneti imene tikuidziwayi isanabadwe. Larry Tesler ndi Tim Mott adakuika m'pulogalamu yolembera yotchedwa Gypsy ku Xerox PARC m'zaka za m'ma 1970, ndipo makompyuta a Apple, Lisa mu 1983 ndi Macintosh mu 1984, adakufikitsa kwa anthu wamba. Chimene wakopa chimakasungidwa pamalo amodzi otchedwa clipboard, amene mapulogalamu onse a pa foni kapena kompyuta amagawana. JavaScript, chinenero chimene chimapatsa tsamba mphamvu yochita zinthu, idabwera mu 1995 kuchokera kwa Brendan Eich ku Netscape. Kwa zaka zambiri browser iliyonse inkachita za clipboard mwa njira yake, Internet Explorer ili ndi window.clipboardData yake, anzake ali ndi zawo. Lero onse amatsata malamulo amodzi olembedwa ku W3C, ndipo wophunzira watsopano asataye nthawi ndi njira zakalezo.

Kodi chimachitika n'chiyani chala chikagunda Colar? Browser isanalowetse kalikonse m'kabokosi ka pa fomu, imayamba yauza tsamba kuti munthu akufuna kumata. Kuuzako ndi event yotchedwa paste, ndipo imabwera itanyamula clipboardData, mmene muli zimene munthu wakopa. Tsamba likakhala chete, browser imamata monga mwa masiku onse, kenako imatumiza event ina yotchedwa input yonena kuti za m'kabokosi zasintha. Tsamba likafuna kumata lokha, limaitana preventDefault, browser n'kuima. Ndondomeko imeneyi ndi imene imagwetsa ophunzira ambiri. Amawerenga value ya kabokosi mkati mwa paste, napeza mulibe kanthu kapena muli zakale, n'kuganiza kuti browser yawonongeka. Sinawonongeke: pa nthawiyo mawuwo amakhala asanalowe. Komanso clipboardData imawerengeka pa kanthawi komweko basi. Mukaisunga kuti mudzaiwerenge bwino lino, mudzapeza ilibe kanthu.

Chitsanzo chimene ambiri amayambira ndi ichi:

bokosi.addEventListener("paste", (e) => {
  const mawu = e.clipboardData.getData("text/plain");
  e.preventDefault();
  bokosi.value = yeretsa(mawu);
});

Mizere isanuyi imagwira ntchito, koma ili ndi zofooka zimene sizioneka tsiku loyamba. Imafufuta zonse zimene munthu adalemba kale m'kabokosimo. Pa kabokosi ka nambala ya foni zimenezo sizivuta, koma pa bokosi lalikulu lolembamo kalata yofunsira ntchito ndi tsoka, ndipo kumeneko pamafunika setRangeText, imene imaika mawu pamene pali kamzere kothwanima. Chachiwiri, value ikasinthidwa ndi pulogalamu, browser situmiza input, choncho batani la Enviar limene limadikira input kuti litseguke limangokhala lotuwa, munthu akuyang'ana nambala yake ili bwinobwino m'kabokosi. Wolemba pulogalamu ayenera kutumiza yekha input ija ndi dispatchEvent. Chachitatu, kubwerera m'mbuyo ndi Ctrl ndi Z nthawi zambiri kumasokonekera.

Koma chofooka chachikulu chimakhudza ife a mafoni. Pa Android, kiyibodi ya Gboard imaonetsa pamwamba pake chimene wangokopa kumene, ndipo anthu ambiri amangogunda pamenepo m'malo modinikiza chala n'kudikira Colar. Mawu olowa njira imeneyi kawirikawiri amafika ngati kuti munthu wawatayipa mofulumira kwambiri, ndipo paste siimveka n'komwe. Chimodzimodzi mawu amene browser yadzaza yokha, amene munthu wakoka n'kuponya m'kabokosi, kapena amene walankhula pa maikolofoni. Ndiye amene adaika kuyeretsa kwake konse mu paste, n'kuyesera pa laputopu yake mu ofesi, amakhulupirira kuti wamaliza, pamene kwa mlimi wa ku Macanga wa foni ya itel kapena Tecno kuyeretsako sikuchitika. Langizo langa n'lakuti kuyeretsa manambala kuzikhala mu input, imene imamveka mawu akalowa njira iliyonse, ndipo kuzibwerezedwa pa seva. Paste isungidwire ntchito zimene input singathe: zithunzi, matebulo, ndi mawu okongoletsedwa.

Tiyeni tione tsopano zimene zimamatidwazo, chifukwa m'menemo ndi mmene dera lathu limasiyana ndi maiko amene mabuku ambiri a JavaScript adalembedwako.

Nambala ya foni ya ku Mozambique ili ndi manambala 9, ndipo wolemba fomu amaona kuti n'chanzeru kuika maxlength ya 9. Koma munthu akakopa nambala mu WhatsApp imabwera ndi +258 kutsogolo ndi mipata pakati. Chrome imadula chimene chamatidwa kuti chikwane malire aja, ndiye m'kabokosi mumatsala +258, mpata, 84, mpata, ndi nambala imodzi. Kudulako kumachitika input isanamveke, choncho palibe choyeretsa. Ndipo ambiri mwa anthu athu ali pa Chrome. Mankhwala ake n'kuchotsa maxlength kapena kuikulitsa kwambiri, kulandira zonse, kuchotsa chilichonse chimene si nambala, kenako kuona ngati kutsogolo kuli 258 kapena 00258.

Ndipo musaiwale malire. Msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza umayenda m'mphepete mwenimweni mwa Mozambique, ndipo anthu a mbali zonse amagulana, kukwatirana ndi kuikana maliro. Ambiri ali ndi SIM ziwiri, ya kuno ndi ya uko. Nambala za Tmcel zimayamba ndi 82 kapena 83, za Vodacom 84 kapena 85, za Movitel 86 kapena 87. Za ku Malawi zimabwera ndi +265, kapena ndi 0 kutsogolo, ndipo ukachotsa zimenezo nazonso zimatsala manambala 9: za TNM zoyamba ndi 88, za Airtel 99 kapena 98. Pulogalamu yongowerenga kuti manambala akwana 9 idzalandira nambala ya TNM n'kuiphatikiza ndi +258, ndipo uthenga sudzafika kwa aliyense. Pulogalamu yokana chilichonse chosayamba ndi 258 idzatsekera kunja munthu wa ku Biriwiri amene kunyumba kwake netiweki yogwira bwino ndi ya ku Malawi. Fomu ya m'malire iyenera kudziwa maiko onse awiri, ndipo ikatha kuyeretsa ilembe pansi pa kabokosi kuti nambala iyi taimva kuti ndi ya Movitel, kapena ya TNM ya ku Malawi.

Pa ndalama m'pamene ndimada nkhawa kwambiri. M'Chipwitikizi, meticais chikwi chimodzi ndi mazana asanu amalembedwa 1.500,00 MT. Ku Malawi makwacha a chiwerengero chomwecho amalembedwa K1,500.00. Kadontho ndi mpatuliro zidasinthana malo. Perekani "1.500,00" kwa parseFloat ya JavaScript, idzakubwezerani 1.5. Ipatseni "1,500.00", idzakubwezerani 1. Sidandaula, sichenjeza, imangowerenga mpaka pamene yasokonezeka n'kusiya pomwepo. Mlembi wa kalabu amene wakopa mtengo wa feteleza mu uthenga n'kuumata pa fomu akhoza kulembetsa ngongole ya metical imodzi ndi theka m'malo mwa 1.500, ndipo mlandu wake udzabuka nthawi yokolola, pamene aliyense waiwala kale tsiku limene adamata. Zizindikiro zonse ziwiri zikakhalapo, yankho n'losavuta: chomaliza ndicho chimalekanitsa masentavo kapena matambala. Koma "1.500" payokha ilibe yankho lotsimikizika. Pamenepo pulogalamu isalote. Itenge kalembedwe ka ndalama imene fomuyo ikugwiritsa ntchito, ilembenso chiwerengerocho poonekera, ngakhale m'mawu, munthu asanatumize.

NIB ili ndi msampha wina. Chifukwa imaoneka ngati nambala, wophunzira amaiika mu input ya type="number" kapena kuisandutsa Number. Koma JavaScript imasunga molondola manambala athunthu mpaka 9,007,199,254,740,991 basi, amene ndi manambala 16. NIB ya manambala 21 ikalowa mmenemo, akumapeto amasintha mwakachetechete, ndipo maziro a kutsogolo, amene ndi mbali ya chizindikiro cha banki, amagwa. Excel nayo imasunga manambala 15 okha n'kusandutsa otsalawo maziro, choncho NIB kapena nambala ya Credelec imene idadutsa mu Excel mosasamala imafika pa fomu itafa kale. NIB, NUIT, BI ndi nambala ya foni si zinthu zowonkhetsa kapena kuchotsera. Ndi mayina olembedwa m'manambala, ndipo zisungidwe ngati mawu. Kuti foni itulutse kiyibodi ya manambala, inputmode="numeric" imakwanira. Manambala awiri omaliza a NIB ndi otsimikizira anzawo, ndiye tsamba lingathe kudziwa nthawi yomweyo ngati munthu wakopa moperewera.

Palinso zilembo zosaoneka. Mapulogalamu ena amaika mpata wapadera wosalola mzere kuduka, ndipo ena, makamaka osungira manambala a foni, amakuta nambala ndi tizizindikiro tonena kuti iwerengedwe kuchokera kumanzere. Maso saona kanthu, koma kompyuta imawerenga zilembo 11 pamene munthu akuona 9. Lamulo la trim limachotsa mipata ya m'mbali, koma tizizindikiro ta kumanzere ndi kumanja salitikhudza. N'chifukwa chake pa manambala ndi bwino kunena zimene mukusunga, 0 mpaka 9, kusiyana ndi kutchula zimene mukutaya. Ndipo WhatsApp, munthu akakopa mauthenga angapo pamodzi, imawonjezera tsiku, nthawi ndi dzina la wotumiza. Mu SMS ambiri amakopa uthenga wonse chifukwa kusankha mawu amodzi ndi chala pa galasi laling'ono n'kovuta. Tsamba lanzeru limafufuza nambala ya utali woyenera mkati mwa uthengawo m'malo mothira manambala onse pamodzi.

Tsache loyeretsera manambalali likafika pa mayina limawononga. Ntengo-wa-Mbalame ali ndi timizere take. Ng'oma ndi Mang'anja ali ndi nkhodolero, imene kiyibodi ina imailemba yowongoka, Microsoft Word n'kuipinda. Angónia, Gonçalves ndi João ali ndi zizindikiro za Chipwitikizi, ndipo mabuku ena a Chichewa amalemba ŵ wa kadenga. Chilembo ngati ó kapena ŵ chimatha kusungidwa m'njira ziwiri, ngati chimodzi kapena ngati chilembo ndi kachizindikiro kake padera, makamaka chikakopedwa mu PDF. Pamaso n'zofanana, koma pofufuza dzina kompyuta imati ndi anthu awiri. Lamulo la normalize("NFC") limagwirizanitsa zimenezi, ndipo nkhodolero zonse zikhoza kusandutsidwa mtundu umodzi. Kupitirira pamenepo, dzina la munthu lisakhudzidwe. Fomu yonena kuti dzina lanu lili ndi zilembo zosaloledwa imanyoza munthu, ndipo adzalisintha kuti adutse, lisiyane ndi la pa BI, mavuto n'kudzamupeza pa tsiku lolandira satifiketi.

Clipboard sinyamula chinthu chimodzi. Mukakopa ndime mu Word kapena pa tsamba lina, imasunga mawu okhaokha, text/plain, komanso mawu omwewo ndi zokongoletsa zake, text/html. Mukakopa mizere mu Excel, text/plain imabwera ndi Tab pakati pa mabokosi ndi mzere watsopano pakati pa mizere. Apa paste imaonetsa ubwino wake weniweni. Mlembi amene ali ndi mayina 200 a alimi mu Excel sayenera kuwalowetsa limodzilimodzi. Tsamba lingagawe mawuwo pa Tab ndi pa mizere, kuwayala m'tebulo, kuika chizindikiro chofiira pa mizere yokayikitsa, n'kudikira kuti iye avomereze. Zithunzi nazo zimapezeka mu clipboardData.files, choncho umboni wa malipiro ukhoza kumatidwa mwachindunji. Chithunzicho chichepetsedwe chisanatumizidwe, poganizira mtengo wa mayunitsi ndi netiweki ya kumapiri.

Text/html ndi imene imafuna mantha. Mkati mwake mungabisale malamulo amene, akaikidwa pa tsamba ndi innerHTML osasefedwa, angabe chilolezo cha munthu amene walowa. Mu 2020 Michał Bentkowski adaonetsa kuti ngakhale ma browser akuluakulu ndi mapulogalamu a Google anali ndi mipata yotere pa kumata. Ngati makampani amenewo adapunthwa, wophunzira asadzilembere sefa yakeyake. Fomu zambiri sizifuna zokongoletsa n'komwe, ndipo text/plain imakwanira. Pamene zikufunikadi, pali DOMPurify, imene akatswiri akhala akuiyesa kwa zaka zambiri. Ndipo chilichonse chimene chayeretsedwa mu browser chiyesedwenso pa seva, chifukwa wakuba sadzera pa fomu yanu.

Tifike pa chizolowezi chimene ndimatsutsana nacho kwambiri, choletsa kumata. Pamafunika mawu ochepa, onpaste="return false", ndipo amene amawalemba amakhala ndi zifukwa zomveka. Amati munthu akatayipa nambala kawiri ndi manja, zolakwa zimagwidwa. Amati mawu achinsinsi akakhala pa clipboard angabedwe. Zifukwazi ndaziganizira, ndipo sizikundikhutiritsa. Munthu amene ali ndi NIB yolondola mu SMS yochokera ku banki, mukamuletsa kumata, mwamuchotsa pa njira imene sangalakwitse n'kumuika pa njira yotayipa manambala 21 akusinthasintha pakati pa mapulogalamu awiri. Pa mawu achinsinsi, kuletsa kumata kumakankhira anthu ku mawu aafupi osavuta kukumbukira, ndipo kumalepheretsa mapulogalamu osungira mawu achinsinsi aatali. Komanso pofika pamene tsamba likuletsa, mawuwo ali kale pa clipboard. Kuletsako sikunateteze kalikonse.

Si maganizo anga ndekha. Mu 2017 bungwe la boma la Britain loona za chitetezo cha makompyuta, NCSC, lidalangiza poyera kuti masamba alole anthu kumata mawu achinsinsi, ndipo chaka chomwecho NIST ya ku America idalemba zofanana mu SP 800-63B. Malamulo a WCAG 2.2, amene adatuluka mu October 2023 pofuna kuti masamba azitheka kwa anthu olumala, amawerengera kumata ngati njira imodzi yothandizira munthu polowa. Ganizirani agogo amene maso ayamba kuchita chidima, munthu wonjenjemera manja, kapena mayi amene sukulu adalekeza msanga ndipo mwana wake wa ku Johannesburg wamutumizira nambala pa WhatsApp kuti angoimata. Kuletsako kumagwera iwowa. Wodziwa kompyuta amakulambalala m'kamphindi.

Nambala yotsimikizira yobwera pa SMS ili ndi vuto lakelake. Opanga masamba amakonda timabokosi sikisi, kalikonse nambala imodzi, chifukwa timaoneka bwino. Munthu akamata, nambala yoyamba yokha imalowa, zinazo n'kutayika, pokhapokha wolemba pulogalamu atagwira ntchito yogawa manambalawo. Kabokosi kamodzi n'kabwino kuposa sikisi. Kakapatsidwa autocomplete="one-time-code", foni imatha kupereka yokha nambalayo, ndipo Chrome ya pa Android ili ndi WebOTP yochita zofanana. Izi n'zofunika kwathu pa chifukwa chimene wa foni yodula sachidziwa. Foni ya memory yochepa, munthu akatuluka mu browser kukakopa SMS, nthawi zina imatseka tsambalo kuti ipeze malo, ndipo pobwerera amapeza fomu yayambiranso, zonse adalemba zapita. Fomu yopangira anthu athu izisunga zimene zalembedwa kale, mwachitsanzo mu sessionStorage, kupatula mawu achinsinsi, podziwa kuti munthu adzatuluka ndi kubwerera kangapo.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi pamene tsamba lifuna kuwerenga clipboard munthu asanamate. Njira ilipo, navigator.clipboard.readText, imene Chrome idayamba nayo mu 2018. Imagwira pa masamba a HTTPS okha, ndipo browser imayamba yapempha chilolezo kapena kuonetsa batani loti munthu agunde. Mipanda imeneyi ili ndi chifukwa. Pa clipboard pamadutsa mawu achinsinsi, manambala a banki, uthenga wa kuchipatala, mawu a chikondi. Mu 2020 Talal Haj Bakry ndi Tommy Mysk adapeza mapulogalamu ambiri a pa iPhone, kuphatikizapo TikTok, akuwerenga clipboard mwini wake osadziwa, ndipo iOS 14 itayamba kuchenjeza nthawi iliyonse zikachitika, dziko lonse lidaona kukula kwake. Android 10 idaletsa mapulogalamu ogwira ntchito kuseri kuwerenga clipboard, ndipo Android 12 idayamba kuonetsa chenjezo. Kwathu, kumene foni imodzi imadutsa m'manja mwa bambo, mayi, ana ndi mnansi wobwereka, chimene chili pa clipboard mwina si cha amene wagwira foniyo. Kusiyana kwake n'koonekeratu: pa paste munthu wapereka yekha, pa readText tsamba lapita kukatenga. Ngati mwaika batani lakuti Matani apa, liwerenge pokhapokha munthu akaligunda, ndipo chimene sichikugwirizana ndi kabokosiko chitayidwe pomwepo, chisatumizidwe kulikonse.

Kulemba pa clipboard n'kosavuta kuposa kuwerenga, ndipo kuli ndi ntchito yabwino. Malipiro ambiri ku Mozambique amayenda ndi entidade ndi referência. Batani lakuti Kopani pambali pa referência, logwiritsa ntchito writeText, limapulumutsa munthu ku zolakwa zambiri. Likope manambala okhaokha, ndipo linene kuti zakopedwa. Koma mphamvu yomweyi akuba aigwira. Kuyambira 2024 kwafala chinyengo chotchedwa ClickFix: tsamba labodza limati tsimikizani kuti sindinu loboti, limaika lamulo loipa pa clipboard mwakachetechete, kenako limakuuzani kuti mudinde Windows ndi R, Ctrl ndi V, ndi Enter. Mukatero mwatsegulira nokha pulogalamu yakuba. Aliyense wogwira kompyuta ya sukulu, ya chipatala kapena ya ofesi ya boma adziwe ichi: palibe tsamba loona limene lingakupempheni kumata chinthu kunja kwa browser kuti mutsimikize kuti ndinu munthu. Palinso mapulogalamu oipa amene amasintha nambala ya akaunti imene mwakopa n'kuikapo ya wakuba, choncho musanatumize ndalama yerekezani manambala oyamba ndi omaliza ndi a mu uthenga umene mudakopamo.

Kwa inu achimwene ndi achemwali amene mukulemba mafomuwa, kuyesa kwenikweni sikuchitikira pa laputopu. Bwerekani foni yotsika mtengo, ya galasi laling'ono. Dzitumizireni pa WhatsApp nambala ya +258 ndi ya +265, mtengo wolembedwa Chipwitikizi ndi wolembedwa Chingerezi, NIB ya mipata pakati, dzina la nkhodolero ndi la kadenga. Matani chilichonse kawiri, podinikiza chala ndi pogunda pamwamba pa kiyibodi. Tulukani mu browser, tsegulani mapulogalamu ena atatu, bwererani muone ngati fomu ikadalipo. Mukatero mupatse munthu wamkulu amene sanaionepo, inu mukhale chete, muone pamene waima. Ndipo uthenga wa cholakwa ukhale wonena chimene chavuta, m'chinenero chimene iye amamva: kuti manambala alipo 20 pamene akufunika 21, osati mawu amodzi ofiira akuti Inválido.

Inu amene mumalamula ntchitozi, akuluakulu a makalabu, a sukulu ndi a mabungwe ku Tsangano ndi ku Macanga, simufunika kudziwa JavaScript kuti muone ngati mwapangiridwa chinthu chabwino. Musanalipire, tengani foni yanu, kopani nambala mu SMS, muimate pa fomuyo. Ikakana, ikadula, kapena ikasintha chiwerengero osakuuzani, ntchitoyo sinathe, ndipo muibweze ikakonzedwe.